Mbiri ya Malemu Dainess Kambalame

"Anagwira ntchito zosiyanasiyana kunja kwa dziko," a Dunstan anawerenga, chala chikuyenda pansi pa mzere, "ndipo atabwerera kwawo anadzipereka kutumikira Mulungu m'gulu la amayi a mpingo, kufikira mphamvu zitawathera."

Hildah anaimika simbi. Patebulo panali deresi lobiriwira la amayi ake, lomwe ankalisita kachitatu tsopano, ngakhale a kuchipatala anali atamuuza kale kuti womwalira ndi korona sasambitsidwa kapena kuvekedwa ndi abale. Manja ankangofuna chochita.

"Tabwerezani pamenepo, achimwene."

"Pati?"

"Pa zosiyanasiyanapo."

A Dunstan anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya. Anali mlongo wake wa Hildah, wamkulu ndi zaka zisanu, mkulu wa mpingo kwawo ku Zomba komanso mwini sitolo ya zitsulo za galimoto. Anabwera ku Dubai m'mwezi wa Malichi kudzagula katundu, ulendo wa masabata awiri, ndiye ndege zinaima. Mwezi wachitatu unali ukutha akugona pasofa m'nyumba ya Hildah ku Oud Metha, pansanjika yachisanu, pafupi ndi kiliniki yomwe Hildah ankagwirako ntchito ya unesi.

"Mbiri ya pamaliro si nyuzipepala, achemwali," anatero. "Timasankha zolimbikitsa anthu."

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Mafilimu atatu. Masewero oti ngakhale eni akewo sankatha kuwawerenga. Zonsezo mwazipinda m'mawu amodzi?"

"Mawa abale ndi akuluakulu a mpingo adzakhala akuonera pafoni. Mukufuna ndikaime pamanda n'kunena kuti amayi anga ankavina m'mahotela a ku Bulawayo, miyendo ili pamtunda?"

"Ndikufuna mukanene zomwe zinachitika."

Anavalanso magalasi aja, n'kupinda pepala lija pakati. Nkhani inathera pomwepo.

Mayi Dainess Kambalame anabadwira ku Domasi mu 1936. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anatsatira amalume awo omwe ankaphika m'nyumba ya mzungu ku Bulawayo. Kumeneko anapambana mpikisano wovina atavala nsapato zobwereka, zazikulu, atazithina ndi nyuzipepala kutsogolo kwa zala. Mwini gulu lina loimba anawatenga, nayenda nawo ku Salisbury, ku Kitwe, mpaka ku Joni. Munthu wina wojambula mafilimu anawalemba kuti avine kumbuyo kwa ena kwa mphindi imodzi yokha, koma wosewera wamkulu atawaponda phazi, iwo anamuyankha mokweza mawu omwe sanalembedwe paliponse. Onse anaseka. Wojambulayo sanachotse mawuwo, ndipo mufilimu yotsatira anawapatsa mbali yolankhula. Bondo litayamba kuvuta anasiya kuvina nalimbikira masewero apasiteji. Anabwerera ku Malawi mu 1976, nthawi yomwe mkazi kuonetsa mawondo unali mlandu. Zithunzi zonse anaziika pansi penipeni pa sutikesi.

Hildah anali asanaonepo filimu ya amayi ake ngakhale imodzi.

"Zinawolera m'zitini zimenezo, mwanawe," ankatero mayiwo akafunsidwa. "Kumene kuja anandiiwala kalekale."

Ankanena akuseka. Koma zaka zonse zomwe anakhala kwa a Dunstan ku Zomba, Hildah asanawatenge mu 2017, galimoto ikangoima pabwalo kuchokera kupositi, ankasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Kulibe yanga?"

Uthenga unalowa masana a tsiku lomwelo, Hildah akupachika deresi lija m'chipinda cha malemu. Dzulo lake anali atalengeza za maliro pa intaneti, n'kuikapo chithunzi chakale cha amayi ake. Wolemba uthengawo anati dzina lake ndi Rose, wa kunyumba yosungira mafilimu akale ku Joni. Anapepesa maliro. Kenaka anafotokoza kuti mu 2013 anapeza mafilimu awiri a Mayi Dainess m'chipinda chapansi cha nyumba ina yomwe inkagwetsedwa, nawakonza chaka chathunthu. Chaka chotsatira anawaonetsa m'holo yodzaza, ndipo okalamba anayi omwe anasewera nawo limodzi anabwera, wina pa njinga ya olumala. "Tinawalembera katatu ku Zomba," anatero Rose. "Tinali titakonza matikiti awiri, yawo ndi ya wowaperekeza. Mpando wawo tinausiya wopanda munthu kutsogolo. Zinatiwawa kumva kwa mwana wawo kuti mutu unali utasokonezeka kale."

Pansi pa uthengawo panali chithunzi cha kalata. Hildah anachikulitsa ndi zala ziwiri. Kalatayo inkati mayiwo sakumbukiranso kanthu, moyo umenewo anaulapa kalekale, ndipo chonde asawalemberenso. Dzanja lomwe linasaina analidziwa, D wamkulu wamchira wopindikira pansi.

Anakhala pabedi. Chaka cha 2014 iye anapita kutchuthi ku Zomba. Amayi ake anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, ankagonjetsa aliyense pabawo, ndipo tsiku lina akusankha mpunga pakhonde ananena pamtima sewero lathunthu, mbali za anthu onse asanu, akusinthasintha mawu. Chinalinso chaka chomwe a Dunstan anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo.

Rose anatumizanso kachigawo ka filimu, ka mphindi zitatu. Zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera. Pasiteshoni ya sitima, mtsikana wowonda, wa khosi lalitali, atanyamula sutikesi yomanga ndi chingwe, ankakangana ndi wogulitsa matikiti. Mawu ake Hildah anawazindikira nkhope asanaionetsetse. Anali mawu omwewo omwe ankamukalipira akasiya thaulo lonyowa pabedi. Wogulitsa matikiti atatseka kawindo kake, mtsikanayo anaika sutikesi pansi, nayang'ana uku ndi uku, n'kuyamba kugogoda simenti ndi chidendene, pang'onopang'ono, ngati akuyesa ngati ili yolimba. Kenaka mapewa analowa, kenaka chiuno, mpaka onyamula katundu anatula mitolo yawo. Ankavina nkhope ili yokwiya, ndipo mkwiyowo ndi womwe unkaseketsa.

Hildah anaonera kanayi. Kachisanu anazimitsa pakati, natuluka.

A Dunstan anali kukhitchini akutakasa tiyi. Hildah anaika foni pafupi ndi kapu yawo, kalata ija ili poonekera. Supuni inazungulirabe kawiri, kenaka inaima.

"Mwaitenga kuti imeneyi?"

"Ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Mutu unasokonezeka. Amayi? Amayi omwe ankakukumbutsani inuyo tsiku lobadwa la akazi anu?"

"Ndinkawateteza."

"Kwa ndani?"

"Kwa anthu. Ku Zomba anali ndi ulemu wawo. Amayi anzawo ankawagwadira. Mukanakonda aoneke m'nyuzipepala, nkhalamba ya mpingo, pambali pa chithunzi chovala tinsalu?"

"Munawafunsa?"

A Dunstan anayambanso kutakasa tiyi.

"Ndati munawafunsa? Ankasuzumira pawindo paja n'kumati 'kulibe yanga,' inu kalata ili m'thumba. Munkawayankha chiyani?"

"Ndinkati kulibe."

Ananena mosabisa, maso ali m'kapu. Kenaka anakoka mpando nakhala, ndipo atayambanso kulankhula mawu awo anali otsika, opanda kamvekedwe kaja ka kutsogolo kwa mpingo.

"Inu simukudziwa, achemwali. Ndili sitandade folo, munthu wina wobwera kumigodi anabweretsa magazini ya ku Joni. Inayenda sukulu yonse, dzanja ndi dzanja. Anyamata ankapsompsona pepalalo ine ndikuona, n'kumandifunsa mtengo wa amayi anga. Ndinamenya mmodzi, aphunzitsi anandikwapula ineyo. Abambo atamwalira pangozi ija, amayi anabwera ku Domasi masiku awiri okha. Anati sewero likutsegulidwa Loweruka, palibe wina wodziwa mbali yawo. Ndinagwira chitseko cha basi. Agogo anachita kundikanganula zala chimodzichimodzi. Inu munali kumsana, simukumbukira. Pomwe ankabwerera inu munali ndi zaka khumi, munalandira mayi. Ine ndinali nditasiya kale kudikira."

Hildah anamva chisoni chikufuna kumulowa, ndipo anachikana.

"Ndiye munawabwezera."

"Ndinawasunga zaka khumi ndi zitatu m'nyumba mwanga."

"Munawasunga ngati katundu wa m'sitolo. Anthu anawaikira mpando kutsogolo, achimwene. Anzawo anabwera kudzawaona, wina pa njinga ya olumala. Amwalira akuganiza kuti palibe anawafunapo. Ine ndakhala nawo muno zaka zitatu, ndikuwamva akunena kuti anandiiwala, ndipo inu munkaimba foni Lamulungu lililonse n'kumapemphera nawo."

"Musandiyese chigawenga m'nyumba muno." Mawu anakwera. "Kodi korona analowa ndi ndani pakhomo ili? Ine sindituluka. Mwanahawa wosamalira amayi uja amabwera wapansi, sakwera basi. Amene amagwira odwala tsiku ndi tsiku ndani?"

Makina oziziritsa m'nyumba ankangolira. Hildah anatenga foni yake. Funso limenelo anali atadzifunsa yekha masiku onse khumi ndi asanu ndi limodzi omwe amayi ake anagona m'chipatala, momwe sanaloledwe kulowa ngakhale anali nesi. Anayezedwa kawiri osamupeza nako kachilomboko, koma zimenezo sizinamutonthoze. Sanayembekezere kulimva pakamwa pa mlongo wake.

Dzuwa litapendeka a Dunstan anagogoda pachitseko cha chipinda cha malemu. Sanalowe.

"Ndalankhula zoipa," anatero. "Lembani zomwe mukufunazo. Ndikawerenga."

"Mukawerenga?"

"Ndanena."

Hildah analemba ndime imodzi yokha. Anatchula Bulawayo, Salisbury, Kitwe ndi Joni. Analemba mawu akuti wovina, analemba mawu akuti wosewera. Anatchula holo yodzaza ija ya mu 2014, koma za makalata sanalembemo. Anawapatsa. Iwo anawerenga ataimirira, nagwedeza mutu, n'kuliika pepalalo m'Baibulo pamodzi ndi lawo lija.

Ndege zonyamula maliro kupita ku Malawi kunalibe. Malo anapezeka kumanda a Akhristu ku Jebel Ali, ndipo anawapatsa seveni koloko m'mawa, dzuwa la Juni lisanakwiye. Analoledwa anthu owerengeka: Hildah, a Dunstan, abusa Enos a ku Zambia omwe ankasonkhanitsa Amalawi ndi Azambia m'holo ina, ndi Mwanahawa, mayi wa ku Mangochi yemwe ankasamalira malemu masana Hildah akakhala kuntchito. Anawaimika kuseri kwa chingwe. Bokosi linatsitsidwa ndi amuna anayi ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kutali, kuseri kwa mpanda, mabasi a makampani ankadutsa motsatizana kupita kudoko.

Mwanahawa anakweza foni ya Hildah m'mwamba. Pagalasi pake panali tinkhope tambirimbiri m'timabokosi: azakhali a ku Domasi, akazi a a Dunstan, akuluakulu a mpingo atavala majekete, atakhala motalikirana pansi pa mtengo wa mango. Nyimbo inayamba ku Zomba n'kufika ku Jebel Ali mochedwa, moduka-duka.

"Tsopano timve mbiri ya malemu," anatero abusa Enos. "Mwachidule, bambo, atipatsa mphindi zochepa."

A Dunstan anatsegula Baibulo. Mapepala onse awiri anali pomwepo, ndipo Hildah analiona lake pamwamba, la mizere yabuluu. Iwo anayamba bwino: tsiku lobadwa, mudzi, mfumu, makolo. Atafika chaka cha 1954 anakweza maso nayang'ana foni ija. Mmodzi wa akuluakulu aja anasendera pafupi, khutu lili kutsogolo. Thukuta linatsika m'mbali mwa masiki a a Dunstan. Chala chawo chachikulu chinakankhira pepala labuluu pansi pa linzake.

"Anagwira ntchito zosiyanasiyana kunja kwa dziko," anawerenga.

Hildah anatsegula pakamwa kuseri kwa masiki. Mawu anali okonzeka, ndime yonse anali nayo pamtima. Koma anatsekanso pakamwa. A Dunstan anathamangitsa mizere yotsala, ana awiri, zidzukulu zisanu, mzimu wawo uuse mumtendere. Ku Zomba anavomera ameni. Woyang'anira manda analoza wotchi yake n'kuloza kuchipata, komwe galimoto ina yamaliro inali itaima kale.

"Yalla, yalla. Khalas," anawafulumizitsa m'Chiarabu.

Dothi linathiridwa ndi makina.

Pobwerera, takisi inadutsa nyumba zosungira katundu za kudoko. A Dunstan, omwe anakhala kutsogolo, analankhula osatembenuka.

"Sindikanatha, achemwali. Munawaona momwe ankandiyang'anira."

Hildah anayang'ana kunja. Mchenga, mipanda, mchenga.

Madzulo ake anatumiza kachigawo ka filimu kaja pagulu la banja la pafoni, osalembapo mawu alionse. Azakhali a ku Domasi anaimba akulira, akuti khosi lija ndi lomwelo, ndi Dainess weniweni. Mdzukulu wina anafunsa chifukwa chomwe panalibe anamuuzapo. A Dunstan anatuluka pagulupo. Anakhalabe pasofa paja mpaka Seputembala, ndege zitayambanso, ndipo miyezi yonseyo awiriwo ankangolankhulana za kiyi ndi za mchere. Tsiku lonyamuka Hildah anawaitanira takisi, iye n'kupita kuntchito.

Koma zimenezo zinali m'tsogolo. Lachisanu la sabata ya maliro, a Dunstan atatsikira kusitolo, Mwanahawa anabwera kudzatenga zinthu zake: mkeka wopempherera, kapu, masilipasi a m'nyumba. Anali atapeza ntchito ina kwa banja lina cha ku Festival City, yolera mapasa.

"Inshallah ndizidzakuonani, asisi," anatero akumanga chikwama.

Hildah anamuperekeza mpaka pakhomo. Kanjira ka pakati pa nyumba kanali kopanda munthu, zitseko zisanu ndi chimodzi zotseka, kumapeto kuli lifiti.

"Mwanahawa, tsiku lija ambulasi inabwera ine ndili kuntchito. Sindinakufunse. Anachita mantha?"

"Agogo?" Mwanahawa anaseka pang'ono, napukuta diso ndi nsonga ya mpango. "A Dunstan sanakuuzeni?"

"Sanandiuze kanthu."

"Anabwera anthu awiri ovala mapulasitiki, ndi kampando kamatayala. Agogo mpweya unali ukuvuta kwambiri, mawu amodzi, kupuma, mawu amodzi, kupuma. Koma kampando anakakana. Akuti ndimangeni duku, mfundo ikhale pambali. Ndinawamanga. Akuti lipisitiki. Ine ndikuti agogo, akuvekani chopumira, palibe adzaone. Akuti ndidzadziwa ndine."

"Kenaka?"

"Anthu anali atamva ambulasi. Zitseko zonsezi zinali zotsegula pang'ono chonchi, maso okhaokha. Afilipino a apa, amwenye a uko, ana awo akuwakokera kumbuyo, aliyense atagwira mphuno. Mukudziwa mmene anthu akuopera. Ine manyazi anandigwira, ngati taba. Koma agogo anatuluka okha, dzanja limodzi kukhoma. Anayenda kanjira konseka. Ovala mapulasitiki aja ankangowatsata pambuyo ndi kampando kawo. Atafika palifiti anatembenuka."

Mwanahawa anaima kaye, ngati akuyesa mawu n'kuwapeza osakwanira.

"A Dunstan anali pati?" anafunsa Hildah.

"Pomwe mwaima inupo. Mayi wachimwenye wa chitseko icho ndi amene anayamba kuomba m'manja, kenaka onse, ndi ana omwe. A Dunstan sanaombe. Koma sanalowenso m'nyumba mpaka lifiti itatseka."

"Kuomba m'manja chifukwa chiyani? Anachita chiyani amayi?"

"Kufotokoza sindingathe, asisi. Dikirani."

Anatula chikwama. Anayenda kanjira konseko mpaka palifiti, natembenuka, msana uli kuchitseko chachitsulo. Anagwira khoma ndi dzanja lamanja, kenaka analisiya pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Anakweza chibwano. Anayang'ana chitseko chilichonse pachokha, kumanzere, kumanja, osafulumira, n'kumalizira pomwe panaima Hildah. Phazi lamanzere linabwerera kumbuyo kwa linzake, mikono inatambasuka, zikhatho zili m'mwamba, ndipo anawerama mpaka nsonga ya mpango inakhudza matailosi.

Anakhala choweramacho. M'kanjiramo munali chete, ndipo Hildah anamva milomo ya Mwanahawa ikunong'ona, kuwerenga, mpaka zisanu. Atatero m'pamene anadzuka.